Mphasa Ziwiri pa Matope a Chilwa

Moni nonse, abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine bambo wa mwendo umodzi, ndimakhala ku Area 23 kuno ku Lilongwe, ngakhale kwathu ndi ku Dedza. Mwendo wakumanzere anaudula kuchipatala chifukwa cha matenda a shuga, chilonda chitakana kupola. Kuchokera pamenepo ndinkangoyenda kuchoka m'nyumba kupita pakhonde pomwe ndimasokera nsapato za anthu, Lamulungu n'kudzikoka ndi ndodo zanga ziwiri mpaka kutchalitchi. Zopita patali ndinali nditaziiwala.

Mayi akunyumba anatisiya kalekale. Mwana ndili naye mmodzi, Alinafe, ndipo amaphunzitsa pachilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa. Tsiku lina m'mawa mphunzitsi mnzake anandiimbira foni. Anati mwana amene Alinafe ankayembekezera wamwalira pobadwa, mwamuna wake ali ku Joni, ndipo chitulukireni m'chipatala sakudya, akungoyang'ana khoma. "Bambo, akatsegula pakamwa akungotchula inuyo."

Kunena zoona, sindinadzuke ndi mphamvu ayi. Ndinakhala masiku awiri ndikufunafuna wina woti apite m'malo mwanga, koma aliyense anali ndi zake. Tsiku lachitatu ndinanyamuka ndekha. Kudepoti kondakitala anandiuza kuti ndodo zanga zikudya malo a munthu. Ndinafika ku Zomba thupi lonse likuphwanya, n'kugona kwa m'bale wina wa mumpingo. M'mawa mwake njinga yamoto inandigwedeza pamsewu wafumbi mpaka ku Kachulu, komwe anthu amakwerera mabwato.

Kumeneko ndinapeza zimene palibe anandiuza. Nyanja ya Chilwa si yakuya, ndiye chaka chimenecho madzi anali atathawa gombe. Mabwato ankaoneka patali ngati timadontho. Pakati pa ine ndi madziwo panali matope okhaokha, ouma pamwamba koma ofewa pansi. Anthu a miyendo iwiri ankangovula nsapato n'kumadutsa. Wanjinga uja anati iye apa ndiye pothera, n'kubwerera.

Ndinayesa. Ndodo yoyamba inalowa pansi mpaka theka. Pofuna kuizula, inzake inatitimiranso, ndipo ndinagwa chafufumimba. Ndinadzuka, n'kugwanso. Kachitatu sindinadzuke, ndinakwawa kubwerera pouma n'kutsamira bwato lina lakutha limene analisiya pamtunda. Dzuwa linali litakwera. Anthu ankadutsa n'kunena kuti "pepani madala", koma aliyense ankathamangira bwato.

Chilumba ndinkachiona ndi maso angawa. Mwana wanga anali pomwepo, ine ndili pansi, matope m'kamwa. Misozi sinatuluke, ndinali nditatopa kwambiri. Pemphero langa linali lalifupi, ndipo mwina silinali laulemu. Ndinati, "Ambuye, mwendo munalola kuti upite, sindinakufunseni. Koma mwandibweretsa mtunda wonsewu kuti ndidzathere pano?"

Patapita nthawi panafika amayi atatu ochokera kuchigayo, ufa uli pamutu. Wamkulu wawo, amene anzake ankamutchula kuti Abiti Saidi, anali atanyamulanso mphasa ziwiri zatsopano zimene anagula pamsika. Anaima n'kundifunsa komwe ndikupita. Nditatchula dzina la mwana wanga, anayang'anana.

"Amadamu a sitandade folo aja? Amaphunzitsa mdzukulu wanga," anatero Abiti Saidi. "Dzukani, bambo."

Ndinawauza kuti sangandinyamule, ndine wolemera. Iwo anatula ufa, n'kuyala mphasa imodzi pamatope, inzake kutsogolo kwake. Nditaponda, ndodo sizinalowe pansi. Ndikafika pamphasa yachiwiri, ankanyamula yam'mbuyo n'kukaiyala kutsogolo. Kenako ankabwerera kukatenga ufa wawo. Tinayenda choncho, pang'onopang'ono, mpaka mikono yanga inachita dzanzi ndipo m'khwapa munasupuka. Bwato limene iwo ankafuna kukwera linawasiya akuona. Palibe anadandaula. Mphasa zatsopano zija zinasanduka zakuda, bango lake lina litathyoka.

Pamadzi tinadikira bwato lina, ndipo asodzi anandikweza ngati thumba la chimanga. Ndinafika kunyumba kwa Alinafe chakumasana, matope atauma thupi lonse. Ndinamupeza atagona, atawonda moti ndinachita mantha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ababa, mwafika bwanji kuno?" Anadzuka yekha kukanditekera madzi osamba. Madzulo ake tinadya phala m'mbale imodzi, iye akulira, ine ndikumuuza kuti adyeko pang'ono.

Ndinakhala naye milungu itatu. Chisoni sichinathe tsiku limodzi, ndipo mpaka lero chimamubwerera, koma anayambanso kudya, kuyankhula ndi kulowa m'kalasi.

Amayi aja si a mpingo wathu, si a chipembedzo chathu n'komwe. Nditafuna kuwagulira mphasa zina anakana, amvekere akazichapa. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wotopa ndi wokwiya. Inu amene mwakhala pansi lero, njira yakutherani pamene mukuona komwe mukupita, musabwerere msanga. Ine Mulungu sanandipatse mwendo wina, ndipo nyanja sanaisendeze pafupi. Anandipatsa poponda pokwana masitepe atatu, n'kumandiwonjezera ndikafika kumapeto kwake. Dzina lake lilemekezeke. Ameni.