Sitima ya Pakhoma la a Florentino

Nkhondo itatha, a Florentino anabwerera ku Milange n'kufolera kantina yawo, nalumbira kuti pakhoma pajambulidwe sitima yonga ija anaiona padoko la Quelimane ali mnyamata, itanyamula abale onse amene anathawa nawo, osasiyapo ndi mmodzi yemwe. Tsoka lake anaitana a Hilário, mmisiri wosadziwa kunamiza ngakhale khoma.

"Amisiri, dzulo sitimayi inali ndi mawindo. Apita kuti?"

"Ali m'madzi, bambo."

"Wawalowetsamo ndani?"

"Alamu anu. Munati ndiwajambule onenepa monga analili nkhondo isanayambe."

A Florentino anavula chipewa, nachivalanso.

"Bwezerani mawindowo. Muwonjezere mkazi wanga Armanda, ana, njinga yanga ndi mbuzi."

"Mbuzi zingati?"

"Zonse."

A Hilário anajambula mbuzizo mofatsa. Atatha anaviika burashi mu penti yobiriwira n'kukweza madzi ndi chikhatho chathunthu.

"Aaa, mukutaninso?"

"Yalemera. Ine ndinakulira pa mtsinje wa Ruo. Bwato ukaliunjikira katundu limatsika."

"Limenelo ndi bwato. Iyi ndi sitima ya chitsulo."

"Ndiye bwenzi mutanena kale," anatero a Hilário, nakwezanso madzi.

"Pepani, pepani, ndi yamatabwa! Amisiri, ndi penti chabe iyi. Penti siimira."

"Nanga bwanji mukufuna alamu anu akhalemo, ngati ndi penti chabe?"

Funso limeneli a Florentino analidumpha ngati chithaphwi. Anapitiriza kutchula: Fabião ndi wailesi yake, azakhali a Laurinda ndi mtondo wawo, malata amene anapatsidwa ngati mphatso. Dzina lililonse, madzi ankakwera. Pofika masana panali patatsala chumuni, mitu ya anthu, ndi a Florentino eni ake pamwamba, atavala chipewa cha kapitawo wa sitimayo.

"Basi, yadzaza," anatero a Hilário akupukuta manja. "Mukawonjezera ngakhale nkhuku, tonse tipita pansi."

"Patsala mmodzi."

"Adikire ulendo wina."

"Sangadikire. Ndi mayi anga."

"Aja munawaika kumsasa wa othawa nkhondo, ku Mulanje?"

"Omwewo. Anafa akufunsa tsiku lobwerera. Anali ochepa thupi, amisiri. Sangalemere."

A Hilário anayeza mpata ndi chala chachikulu, napukusa mutu.

"Ndinanyamula nawo bokosi lawo. Amalemera."

"Chotsani mbuzi."

"Pakati pa nyanja?"

"Alamu angawo, basi."

"Amatha kusambira?"

A Florentino anaiwaliratu zoti iwo omwe ndi amene amati ndi penti chabe. Anayang'ana kapitawo uja kwa nthawi, kenaka analoza kumapeto kwa khoma.

"Apa jambulani kamtunda."

"Kayani?"

"Kanga. Nditsitsireni pamenepo, mayi akhale pamalo pangapo. Ine ndibwera wapansi, njira ndikuidziwa."