Magazi amene ndinkapeza pakhonde

Linali Lachiwiri, faifi koloko m'mawa, pamene ndinatsegula chitseko kuti ndisese, ndipo ndinapeza madontho a magazi pakhonde panga. Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mukuwerenga. Ine ndine amake Dalitso a ku Nangongwe, kuno ku Kafue. Kutchalitchi akandipatsa maikolofoni sinditha kuyankhula pagulu, choncho ndasankha kulemba. Magazi amenewo anatsala pang'ono kundichotsa pabanja ndi kundilanda mwana wanga woyamwa.

Timakhala pamalo a apongozi anga, amayi a amuna anga. Iwo ali m'nyumba yaikulu kutsogolo, ife tili m'kanyumba kumbuyo. Amuna anga amayendetsa thiraki yonyamula feteleza, ndipo amatha masabata ali pamsewu. Ine ndinakulira ku Chanyanya, kumtsinje, kwa azakhali anga ogulitsa nsomba, sukulu ndinalekera panjira. Apongozi sanandinyozepo poyera, koma ndinkadziwa kuti ankafunira mwana wawo mkazi wa mumpingo wawo, osati wa kumtsinje wopemphera mokweza mawu. Pamalopo palinso Taiga, galu wamkulu wakuda wa apongozi. Masana amamangidwa pansi pa nthochi, madzulo amamasulidwa kuti alondere. Azakhali akanditumizira nsomba ndinkamupatsa mitu, choncho anandizolowera kuposa wina aliyense.

Tsiku loyambalo ndinaganiza kuti mphaka wadyerapo khoswe. Ndinakolopa n'kupakapo polishi wofiira monga mwa masiku onse. Mawa lake madontho analipo, pamalo omwewo, pafupi ndi chitseko. Mkuja wake chimodzimodzi. Panalibe nthenga kapena ubweya, ndipo pakhonde la apongozi panali poyera. Ndinadzifufuza thupi lonse, ndinamuvula Dalitso n'kumuyang'ana mpaka m'zala za kumapazi, koma bala silinapezeke.

Ndisanalowe m'banja alangizi anandiphunzitsa kuti mkazi wokwatiwa saonetsa apongozi magazi a mtundu uliwonse, amatsuka n'kukhala chete. Ine ndinagwira mawu amenewo. Ndinayamba kudzuka msanga kuposa kale kuti ndipukute munthu asanaone, ndipo polishi wofiira uja ankabisa bwino.

M'mawa wina ndili chogwada, nsanza ili m'manja, ndinaona mapazi a apongozi patsogolo panga.

"Amake Dalitso, mukufufuta chiyani?"

Anatenga nsanza ija n'kuinunkhiza. Anandifunsa kuti zinayamba liti, ndinati papita masabata. Anandifunsa chifukwa chimene ndinkabisira, ine ndinangoyang'ana pansi. Kukhala chete kwangako iwo anakutenga ngati kuvomera.

Dzuwa lisanafike pamutu amayi oyandikana nafe anali atadzaza pakhomo. Wina anati akazi a kumtsinje amaphera nkhuku pachitseko kuti mwamuna wa pamsewu asayang'ane akazi ena. Wina anati mankhwala otere akalawa magazi sakhuta, amayamba ndi nkhuku n'kumalizira mwana. Apongozi atamva zimenezo anamuchotsa Dalitso kumsana kwanga n'kulowa naye m'nyumba yaikulu. Kuyambira tsiku limenelo ankagona kwa iwo. Ankabwera naye nthawi yoyamwa yokha, iwo ataimirira pomwepo mpaka amalize. Nshima yophika ine anasiya kudya. Anaimbira foni amuna anga, ndipo ine nditaimba, amunawo anangoti ndimvere zimene amayi anena, tidzakambirana akabwera. Apongozi anati ndilongedze chikwama, chifukwa mwana wawo akafika ankhoswe adzakhala pansi, ine ndidzabwerera ku Chanyanya, mwana adzatsala.

Magazi sanasiye. Tsopano sindinkapukutanso, ndinkangowalambalala. Ndinayamba kudzikayikira ndekha, kuti kapena pali chinthu cha kwathu chimene chikunditsatira ine osadziwa. Mkaka unkanyowetsa bulauzi, mwana akulira kuseri kwa khoma, ine osaloledwa kulowa. Pemphero langa linali lalifupi, chifukwa mawu ambiri ndinalibe. Ndinkangoti: Ambuye, ine pakamwa ndilibe, ngati ndine wolakwa ndionetseni, ngati sindine ndiyankhulireni. Pamalo ponsepo amene ankandikondwerera anali Taiga yekha. Anali atawonda, koma panalibe amene anali ndi mtima woganizira galu.

Tsiku lina kunadutsa galimoto yolengeza katemera wa chiwewe pabwalo la pafupi ndi msika. Apongozi sangathe kumugwira Taiga, choncho anatuma ine, mwana n'kutsala nawo. Mzere unali wautali, ndipo ndinaima pakhonde la golosale ina, galu atagona pamapazi anga. Itakwana nthawi yathu galuyo anadzuka. Pasimenti pamene anagonapo panali madontho a magazi, ofanana ndendende ndi a pakhonde langa. Mutu usanaganize, phazi langa linali litapondapo kale kuti libise.

Wobaya katemerayo anali dokotala wa ziweto, mayi wachitsikana wovala magambutsi, dzina lake ba Mutinta. Anandiona.

"Ba sisita, chosani mwendo nione."

Anamanga galuyo kukamwa ndi chingwe, anthu awiri n'kumugoneka chagada. Atavala magolovesi anakankha khungu la kumaliseche kwake, ndipo mkatimo munali chotupa chofiira ngati mabulosi ounjikana. Atangochikhudza chinayamba kuchucha. Ndinakhala pansi n'kuyamba kulira pamaso pa anthu onsewo. Ba Mutinta anaganiza kuti ndikulirira galu. Atandifunsa ndinawafotokozera zonse, ndipo aka kanali koyamba kuti ndiuze munthu nkhaniyi kuyambira pachiyambi.

Atamaliza ntchito anandiperekeza kunyumba. Anauza apongozi kuti magaziwo ndi a galu, ndipo kuti akukayikira khansa. Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Apongozi anamvetsera mwaulemu, anayang'ana chotupacho, kenaka anati:

"Ndamva, adokotala. Koma galu uyu anali bwino mayi uyu asanayambe kumudyetsa zakwawo. Akafa ndidzadziwa kuti wayambira galu, wotsatira ndi mdzukulu wanga."

Choncho banja langa ndi mwana wanga zinamangiriridwa pa moyo wa galu wodwala. Ndinafunsa ba Mutinta ngati Taiga afe. Anakana kundilonjeza. Anati zotupa za agalu zilipo za mitundumitundu zooneka mofanana, zina zimamva mankhwala, zina zimapha ngakhale muchite chotani, ndipo maso okha sangasiyanitse. Anatenga kagalasi kakang'ono n'kukadinda pachotupapo, anakoka magazi pamwendo wakutsogolo n'kuthira m'timabotolo, anapapasanso m'mphechepeche kuona ngati muli mwanabere. Anati atumiza ku labu yopimira matenda ku Lusaka. Kagalasiko kadzaonetsa mtundu wa khansayo, magaziwo adzanena ngati chiwindi ndi impso zili ndi mphamvu, chifukwa mankhwala ake ndi aukali ndipo galu wofooka akhoza kumumaliza. Anati Taiga asamasulidwenso, asakumane ndi agalu ena.

Masiku odikira amenewo sindifuna kuwabwerezanso. Pakhonde panga panayera chifukwa galu sankamasulidwa, koma apongozi anati zimenezo sizikutanthauza kanthu, magazi angosamukira pansi pa nthochi. Tsiku lina Taiga anakana kudya. Anangogona, mutu uli pamiyendo, ntchentche zikumuzungulira. Ndinamuphikira phala, ndinasinjiramo nsomba, n'kukhala pambali pake kumunyengerera ngati mwana. Amayi oyandikana nafe anasuzumira pampanda n'kumauzana kuti ndikuyankhula naye. Ndinkayang'ana nthiti zake zikukwera ndi kutsika, ndikuopa kuti zikaima basi kwanga kwatha. Amuna anga anafika Lachinayi. Anandipatsa moni ali panja, chakudya anakadya kwa amayi awo. Ankhoswe anauzidwa kuti abwere Loweruka.

Lachisanu masana ndinamva njinga yamoto ikuima pageti. Ba Mutinta akanatha kungoimba foni, koma anabwera okha. Tinakhala pakhonde la nyumba yaikulu, ine pansi, ndipo anatulutsa foni n'kutionetsa chithunzi chimene a ku labu anajambula pamakina oonera tinthu ting'onoting'ono. Ndinaona timibulu tozungulira tothithikana ngati mazira a nsomba. Anati imeneyi ndi khansa imene agalu amapatsirana akakwerana kapena kunyambitana. Anati timibuluto sitinayambire n'komwe m'thupi la Taiga, tinachokera kwa galu wina. Siilowa mwa munthu, ndipo siibwera ndi chakudya.

"Aba ankolo banu bayenda maningi, ambuya," anatero kwa apongozi, kutanthauza kuti Taiga amayendayenda kwambiri. "Mukagona bajumpa mpanda."

Amuna anga anaseka pang'ono, apongozi sanaseke. Ba Mutinta anakulitsa chithunzicho n'kuloza timadontho tina ting'onoting'ono takuda pakati pa timibulu tija. Anati amenewo ndi asilikali a m'thupi amene ayamba kale kulowa m'chotupacho, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chabwino. Magazi anali ocheperako, koma chiwindi ndi impso zinali bwino, choncho jakisoni atha kumupirira.

"Ine sindine Mulungu, koma ivi vonse vinionesa kuti azapola."

Apongozi anafunsa za mitu ya nsomba ija. Ba Mutinta anati chakudya chimenecho chiyenera kuti chinamuthandiza kusunga mphamvu, ndipo tisasiye kumupatsa. Apongozi anafunsanso chifukwa chimene magazi ankapezekera pakhomo panga pokha. Amene anayankha anali amuna anga, mawu ali pansi, kuti galu amagona pakhomo pa amene amamudyetsa. Pamapeto pake apongozi anati ankhoswe ayambe adikira, tione kaye ngati galuyo achire. Koma Dalitso anabwerera naye m'nyumba yaikulu.

Amuna anga anavomera kulipirira mankhwala, ndipo ba Mutinta ankabwera kamodzi pa sabata kudzabaya jakisoni wa mumtsempha, ine nditagwira mutu wa galu pachifuwa panga. Apongozi anayala thumba loyera la ufa pamene Taiga amagona, ndipo m'mawa uliwonse ankapita okha kukaliona. Sabata yoyamba thumba linali ndi magazi. Taiga anasanzanso, ndipo ine sindinadye tsiku limenelo. Ba Mutinta anakokanso magazi asanabaye jakisoni wotsatira, anati asilikali atsika pang'ono koma akadali okwanira. Kenaka madontho anayamba kuchepa. Panafika m'mawa wina pamene apongozi anatembenuza thumba mbali zonse, n'kuliyalanso. Patapita masabata ena ba Mutinta anayang'ana ndipo mabulosi aja anali atafota, pangotsala khungu losalala. Anadindanso kagalasi, ndipo yankho la ku labu linabwera loti timibulu tija sitikuonekanso. Anati tsopano akhoza kumasulidwa, bola titseke pamene amadumphira.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, apongozi anabwera kukanyumba kathu atabereka Dalitso, bulangete lake lili m'manja. Anaima pakhonde pomwe paja.

"Amake Dalitso, landirani mwana wanu. Mawa muphike ndinu, ine miyendo yatopa."

Mawu akuti pepani sanatuluke, koma ine ndinamva zimene ankatanthauza. Ndinagwada n'kumulandira ndi manja awiri.

Abale anga, ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wosadziwa kuyankhula. Ine ndinkadikira kuti yankho libwera m'maloto kapena pakamwa pa mneneri, koma Iye anatuma mayi wa magambutsi ndi kagalasi kakang'ono. Ndikuthokoza ba Mutinta, ndi anthu a ku labu amene sindinawaonepo ndipo sadziwa kuti anabweza mwana kumsana kwa mayi wake. Ngati inunso mukunamiziridwa, anthu a m'nyumba mwanu akukuopani pa chinthu chimene simunachite, musaleke kupemphera ngakhale pemphero lanu likhale lalifupi ngati langa. Ndipo mukaona chinthu chokuopsani, uzani munthu msanga. Ine ndikadanena tsiku loyamba lija, mwina tikadafufuza limodzi ndi apongozi.

Dalitso atabwerera, m'mawa mwake ndinadzuka nthawi yanga yomwe ija. Ndinagwira chitseko n'kutsegula. Taiga anali atagona pamalo ake, pafupi ndi chitseko. Anadzuka n'kudzinyolola, ndipo pansi panali poyera. Tsache ndi polishi ndinazisiya pakona. Ndinakhala pakhondepo n'kumuyamwitsa Dalitso mpaka kunja kutayera bwino, popanda munthu wondiimirira. Atakhuta ndinamubereka, ndinamasula chikwama chija n'kubwezera zovala m'malo mwake, kenaka ndinapita kukhitchini kwa apongozi kukayatsa mbaula.