Ndakatulo za Kuseri kwa Zithunzi

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1949, achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndine mlongo wawo wamkulu, ndipo sinditalikitsa.

Sukulu analekezera kalasi yachisanu ndi chitatu, nayamba ukalipentala. Mu 1974 anakwatira alamu anga, mayi wojambula zithunzi ndi penti, ndipo anatsegula kashopu. Mayi akajambula, malemu ankakhoma felemu. Koma asanatseke thabwa lakumbuyo, ankakhala pansi n'kuyang'ana chithunzicho mpaka tiyi kuzizira. Kenako ankalemba ndakatulo mkati mwa thabwalo ndi pensulo yolembera matabwa, n'kukhomerera. Sankasunga ina pambali. Ndikawafunsa kuti adzawerenga ndani, ankati chithunzicho chimva chokha. Ambiri mwa inu muli ndi ndakatulo zawo pakhoma, koma simudziwa.

Mu 2010 alamu anamwalira, atasiya chithunzi chomaliza: mayi ataima pakhomo, atatifulatira, kunja kuli mbee. Chimenechi chinawakanika malemu. Zaka khumi ndi zinayi ankalemba n'kufufuta, mpaka thabwa linapyapyala. Ankati sangamalize asanadziwe ngati mayiyo akuchoka kapena akudikira munthu. Ndinkawakalipira kuti ndi penti chabe. Iwo ankangoti, "Achemwali, lero wasuntha pang'ono."

Anayamba kudwala chifuwa mu Juni 2024. Pa 2 Ogasiti, ali m'chipatala, anaitanitsa chithunzicho, pensulo ndi hamala. Analemba osafufuta, nakhoma okha misomali inayi, anamwino akudandaula phokoso. Atatha anandiyang'ana nati, "Akudikira." Anatisiya pa 4 Ogasiti, masana.

Ana awo akufuna tizule misomaliyo tiwerenge. Ine ndakana, ndipo ndikunena pagulu kuti nkhaniyi ithere pano: sanalembere ife. Chithunzicho ndachipachika pamwamba pa tebulo lawo logwirira ntchito. Sindine munthu wamantha, koma dzulo ndinasesa chipindacho osakweza maso.

Malemu asiya ana atatu, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi ine. Tikuthokoza anamwino amene anapirira hamala, anansi amene akhala nafe masiku onsewa, ndi akalipentala anzawo amene akhoma bokosili ndi manja awo.

Achimwene, musawaimikenso pakhomo alamu anga. Pitani, mukause mumtendere.