Moni wa Lamyai

Pokwerera boti ku Nonthaburi, mayi wachikulire anali atafungatira kagalu m'dengu. Mtsikana wovala zakuntchito amene anaima pambali pake anasuzumiramo.

"Azakhali, mwendowu bwanji akuukweza chonchi?"

"Kafupa ka pabondo kamaguluka, mwanangu. Tikupita ku opaleshoni. Akakulitsa kanjira kamene kafupako kamakhalamo kuti kasamachokenso."

"Pepani. Anagwa?"

"Ayi. Ndi moni."

"Moni?"

"Malemu amuna anga anamuphunzitsa. M'mawa amonke, ansembe a kukachisi aja, akamadutsa kudzalandira mpunga, Lamyai amaima ndi miyendo iwiri n'kuphatikiza timanja take. Msewu wonse unkaseka. Bambowo ankati galuyu ndi waulemu kuposa ana athu."

"Ndiye n'zimene zawononga bondo?"

"Adokotala akuti anabadwa nalo lofooka, koma kuimako kwawonjezera. Akuti akachira asadzaimenso choncho, apo ayi linalo litsatira."

"Muzingomutsekera m'nyumba m'mawa."

"Ndinayesa. Akangomva ndikuvundukula poto, amakaima kuseri kwa chitseko, yekhayekha, timanja pamodzi. Kulonjera matabwa."

"Agalu amaiwala, azakhali. Mukamukalipira kangapo asiya."

"N'zimene zikundiwawa. Zovala za malemu ndinagawa, njinga anatenga mng'ono wawo. M'nyumba muja chimene chinatsala chawo ndi moni umenewu."

Boti linagunda pagombe, anthu n'kuyamba kukankhana.

"Bwerani ndikunyamulireni dengulo."

"Ayi, zikomo. Lero ndimunyamula ndekha. Kuyambira mawa ndine woti ndizimuuza kuti zimene anamuphunzitsa bambo ake n'zolakwika."