Samani inafika tidakali pa maliro

Aulutsi ndi omvera anzanga, ine ndine mtsikana wa ku Kande, ndangoyamba maphunziro a zamalamulo chaka chino.

Bambo anga atamwalira, mnzawo amene ankapha naye usipa anakasuma kukhoti kuti bwato la injini ndi lake. Samani yotiitanira kukhotiko inafika tidakali pa maliro. Mayi anangoiika pambali. "Namfedwa satuluka pakhomo, mwana wanga," anatero. "Akukhoti nawonso ndi anthu, amva kuti kuno kwagwa zovuta."

Khoti silinamve. Linagamula ife kulibe, ndipo bwato analikoka tikuona.

Sabata yatha aphunzitsi anatipatsa mlandu wakale kuti tiphunzire kawerengedwe kake: chinachitika n'chiyani, ankalimbirana chiyani, woweruza anati bwanji. Ndili mkati mowerenga, ndinaona kuti ukufanana ndi wathu. Munthu wa mu mlanduwo nayenso sanapite kukhoti, koma anafulumira kukapempha kuti chigamulo chichotsedwe, napereka chifukwa chomveka. Anamumvera.

Ndinakweza dzanja. "Aphunzitsi, kodi maliro ndi chifukwa chomveka?"

"Angathe kukhala," anayankha, "bola upite msanga, ukasonyezenso kuti uli ndi mbali yako yoti imveke."

Ndinatuluka panja kukalira. Njira inalipo, ife osaidziwa.

Anzanga amadandaula kuti ndondomeko ya milandu ndi yotopetsa. Ine ndimaiwerenga mpaka mutu kuwawa, ndipo ndikamaliza sukulu ndibwerera kwathu kunyanja. Abale anga, samani ikafika musaisunge. Tumani munthu, funsani odziwa. Khoti silibwera pa maliro kudzapepesa.