Fri ya Matola pa Mtsetse wa ku Glasgow

Aulutsi, chonde kalata yangayi musaiike pansi pa zinzake, ndi yachangu.

Ndine nkhalamba yokhala ku Govan, kuno ku Glasgow. Kumudzi ndinkayendetsa matola. Mkamwini wanga, injiniya, anagula chigalimoto chakale cha ku Amereka, n'kuchotsa injini yake yotopa, n'kuikamo yamakono ya kompyuta. Zaka ziwiri ali kunsi kwa galimotoyo, mwana wanga kumangoona mapazi a mwamuna wake.

Lamulungu lapitali anandipatsa makiyi kuti ndipite nawo mayi akunyumba kutchalitchi. Pofika pamtsetse, dzanja linakumbuka za matola. Ndinaika giya pa fri n'kuzimitsa injini kuti ndisunge mafuta. Sindinadziwe kuti injiniyi ikazima, buleki ndi chiwongolero zimauma gwa!

"Bambo, pondani buleki!" anakuwa mayi.

"Ndaponda kale, mayi! Inu yambani pemphero!"

Tinakaima mumpanda wa maluwa wa eni ake, amoyo, nyali imodzi itasweka.

Mkamwini atafika, ndinati, "Yangozima yokha."

Iye anagwira mutu. "Pepani bambo, ndikanakuphani ndine."

Chiyambire sakudya bwino, ndipo akuti Loweruka aitsitsa injiniyo, galimoto agulitse. Nanga mpongozi angayang'ane bwanji mkamwini m'maso n'kunena kuti ndinanama?

Ndiye inu mkamwini wanga, ndikudziwa kuti pulogalamuyi mumamvera muli m'galaja. Ikani sipanala pansi. Injini yanu ilibe mlandu, ndinazimitsa ndine.