Ndere m'nsagwada zanga

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndakupatsani moni m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire, ndiyankhula pang'onopang'ono.

Ndine uja wa ngolo ku Golomoti. Chaka chatha ng'ombe yanga yomwe inandimenya theche pachibwano. Kamodzi kokha, abale, kamodzi! Ndinadzidzimuka ndili pansi, mano atatu ali m'dothi.

Kuchipatala anandimanga nsagwada ndi waya. Koma fupa silinagwirane, linayamba mafinya. Ananditumiza kuchipatala chachikulu kutauni, kumene anachotsa pomwe panawolapo. Panatsala dzenje loti chala n'kulowa. Miyezi ine phala lamadzimadzi basi, ngakhale kuitana mwana wanga dzina ndinkalephera.

Tsiku lina adokotala anatiwonetsa, ine ndi mayi akunyumba, kabotolo ka tinthu toyera ngati mchenga. Akuti, "Bambo, dzenjelo tidzazamo izi. Zapangidwa kuchokera ku ndere."

Mayi akunyumba anadzuka pampando. "Adokotala, mwati ndere? Zobiriwira zoterera zija za pamjigo?"

"Abale ake a zimenezo, mayi, koma za kunyanja ya mchere. Zimenezo n'zolimba ngati laimu. Amaziyeretsa, n'kutsala timabowo. Fupa la bambowa lidzayanga m'timabowomo ngati nyemba pamtengo."

Abale, thupi lonse linachita tsemwe. Ndere! M'kamwa mwa munthu wamoyo! Alamu anga atamva anati, "Musalole, mudzamera msipu m'kamwa." Musaseke, ine ndinakhulupirira. Pepala losainira ndinalikankha kawiri. Ndiye mayi anandiyang'ana misozi ili mbwee, amvekere, "Bambo a Grace, ndatopa kukuonani mukutha ngati sopo. Amene analenga inu sindiye analenganso nderezo?"

Ndinasaina, ndipo anandichita opaleshoni.

Patatha miyezi, anandijambula. Adokotala analoza pachithunzi, ine kufunafuna dzenje lija, osalipeza. Ndinafunsa, "Chithunzichi n'changa?" Anati n'changa. Ndinafunsanso. Mpaka lero ndimadzigwira pachibwano pano, n'kumadabwa ndekha.

Lachinayi lapitali ndatafuna nzimbe. Mbali imodzi, inde, koma nzimbe, abale!

Zikomo inu munkabwera kudzandipempherera ine osatha kuyankha ameni. Ma ameni onse aja ndinawasunga mumtima, lero ndiwatulutsa. Amayi, kodi nthungululu zili kuti? Imirirani mukondwere nane, timuthokoze Mulungu. Ameni! Ameni!